Seti ya mudzi pansi pa phiri la Mulanje: timange pati, ndi chiyani, mwezi uti?

NaMbewe_Chilomoni

Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Kagulu kathu kuno ku Blantyre kakukonza filimu ya mphindi pafupifupi 40, ndipo ine andipatsa mbali yokonza maonekedwe a malo: nyumba, bwalo, ziwiya, zovala ndi mitundu ya chilichonse chooneka pa kamera. Nkhani yake ndi ya banja lokhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje cha m'ma 1975. Wotsogolera filimu akufuna kuti phirilo lizioneka pafupifupi paliponse tikajambula panja, woonera azimva kulemera kwake pa banjalo. Pakufunika nyumba ziwiri zaudzu, khitchini, nkhokwe ndi khola la mbuzi. Palinso zigawo zitatu za pamwamba pa phiri, pamene mnyamata akukafunafuna bambo ake omwe amacheka matabwa kumeneko.

Tilipo anthu ngati 20, ndalama n'zochepa, kamera ndi ya full frame (ya sensa yaikulu) yokhala ndi malenzi a mamilimita 24, 50 ndi 85. Maganizo omwe alipo ndi oti timange seti, kutanthauza mudzi wongomangira filimu, ku Likhubula, pafupi kwenikweni ndi thanthwe la Chambe, ndipo tijambule mu Seputembala poti kulibe mvula.

Kodi malowa ndi mweziwu zili bwino? Timange nyumba zenizeni zadothi kapena zonamizira za pulayiwudi? Nanga nyumba yatsopano timaikalambitsa bwanji kuti isaoneke yomangidwa dzulo?

aPhiri_Kamera

Mayi NaMbewe, musanagule ngakhale msomali umodzi, sinthani zinthu ziwiri: malo ndi mwezi.

Phiri ukaliyandikira kwambiri limatuluka m'chithunzi. Tiyeni tiwerengere. Thanthwe la Chambe limakwera mamita pafupifupi 1,700 kuchokera m'tsinde. Mutaima pamtunda wa makilomita 5, nsonga yake ili madigiri 19 pamwamba pa maso anu. Lenzi ya 50 pa full frame imatenga madigiri 23 okha kuchokera pansi pa chithunzi kufika pamwamba, ya 85 sikwanitsa 14. Choncho pamtunda umenewo ya 50 yadzaza kale phiri, nyumba ndi anthu atsala ndi kampata kakang'ono pansi. Ku Likhubula muli pafupi kuposa apo. Nsonga idzaduka, kumbuyo kwa wosewera kudzangooneka mwala wotuwa wopanda mutu, woonera osadziwa n'komwe kuti ndi phiri. Mukathawira ku lenzi ya 24 kuti zonse zilowe, phirilo limachepa n'kukhala ngati kachulu kuseri kwa nyumba.

Bwererani m'mbuyo makilomita 8 mpaka 12. Pa makilomita 10 thanthwe lomwelo lili madigiri pafupifupi 10, ndipo ya 85 imalitenga lonse, litadzaza chithunzi, munthu ali patsogolo pake. Koma zimenezi zikukhudza inu omanga seti. Kuti munthu woimirira aoneke thupi lonse, phiri lili pamwamba pake, kamera iyenera kutalikira mamita 20 kapena kuposa. Ndiye patsogolo pa seti pakufunika malo athyathyathya, opanda mitengo, a mamita 30 mpaka 40. Ambiri amayang'ana pomwe nyumba idzakhale n'kuiwala pomwe kamera idzaime. Kutalika kwa denga nakonso kuwerengedwe. Denga la mamita 3.5, kamera ili pa mamita 10, limakwera madigiri 11, ndiye kuti latseka phiri lonse pamalo pomwe laimapo. Kamera ikapita pa mamita 30 dengalo limatsika pansi pa madigiri 4. Nyumba zikhale zazifupi, ndipo pakati pa ziwirizo musiye mpata wa mamita 6 mpaka 8 wolunjika nsonga yomwe mwasankha. Mtondo, mphasa ndi chitsa chokhalira bambo ziikidwe mumpatamo, poti m'menemo ndimo mudzachitikire zokambirana zambiri.

Kayesedwe kake n'kosavuta. Tengani nsungwi zinayi za mamita 3.5, chingwe ndi zikhomo. Imikani nsungwizo m'ngodya za nyumba, mangani chingwe pomwe denga lidzathere, muimike munthu mumpata muja, mujambule ndi malenzi onse atatu 7 koloko, 10 koloko, 1 koloko, 4 koloko ndi 5 koloko. Nsungwi mumasuntha m'mphindi zisanu, nyumba yomata dothi sisuntha.

Mbali ya phiri nayonso isankhidwe. Kum'mwera, kuminda ya tiyi ya ku Mulanje boma ndi ku Lujeri, n'kokongola, koma ndiko kumagwa mvula yambiri, ndiko chiperoni chimafikira, ndipo m'nyengo yozizira dzuwa limadutsa chakumpoto, kotero mumajambula mbali yamthunzi ya phiri. Kumpoto, cha ku Phalombe ndi kumpata wa Fort Lister pakati pa Mulanje ndi Michesi, n'koumirapo ndipo miyala imalandira dzuwa tsiku lonse mu Juni. Kumadzulo, komwe Chambe wayang'ana, m'mawa dzuwa limatulukira kuseri kwa phiri ndipo phirilo limada bii. Kuyambira 3 koloko masana thanthwe limayamba kufiira, chapakati pa 4 ndi 5 koloko n'kuonetsa ming'alu yake yonse. Ine ndikanasankha m'chigwa cha kumadzulo kwa msewu wa Chitakale kupita ku Phalombe, cha kumene mtsinje wa Thuchila umadutsa. Kuchokera ku Limbe mukafika kudzera msewu wa Midima.

Dzuwa silituluka pamalo amodzi chaka chonse. Kwathu kuno, pakati pa Disembala ndi Juni potulukira pake pamasuntha madigiri pafupifupi 50. Mukakaona malo mu Febuluwale n'kudzajambula mu Juni, mthunzi wa denga udzagwera kwina. Masana a mu Juni limakwera madigiri 51 okha, lili kumpoto, choncho khonde loyang'ana kumpoto limawala, loyang'ana kum'mwera limakhala mumthunzi.

Tsopano mwezi. Mu Seputembala mvula kulibe, zoona, koma nalo phiri nthawi zambiri silioneka. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, utsi wa tchire lotenthedwa ndi fumbi zimadzaza mlengalenga. Yang'anani Chiradzulu muli ku Bangwe mu Okutobala muone m'mene amazilalira. Pa makilomita 10 Mulanje amachita chimodzimodzi. Polarizer, galasi loika kutsogolo kwa lenzi lochepetsa kunyezimira, imathandiza pang'ono dzuwa likakhala cham'mbali, koma utsi siiuchotsa. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Juni: mpweya wayera, mathithi akutsikabe m'matanthwe, udzu wayamba chikasu. Chiperoni chikabwera chimakhala masiku awiri, atatu, mwina kupitirira, ndiye zigawo za m'nyumba musazithe koyambirira. Zisungeni zikhale ntchito ya masiku a nkhungu.

Mmisiri_Ndirande

A Phiri anena zoona pa za mtunda. Ine ndiyankhe la dothi kapena pulayiwudi: zonse ziwiri, chilichonse pamalo pake.

Choyamba funani bwinja, osati munda wopanda kanthu. Nyumba mutha kumanga m'masabata atatu, koma mtengo wa mango wa zaka 40 simungaumange, ndipo pakhomo popanda mtengo wamthunzi, nthochi kuseri ndi nthaka yopondeka sipaoneka kuti pamakhala anthu. Bwinja limabwera ndi zonsezi. Mufunse eni ake bwinobwino chomwe anasamukira, komanso ngati pali manda pafupi.

Makoma atatu a nyumba yaikulu, omwe kamera idzawayandikire, akhale adothi enieni. Nyumba ya mamita 4 kwa 3, khoma lokwera mamita 1.9. Nsichi za bulugama zonenepa masentimita 8 mpaka 10, zotalikirana masentimita 60, zokwiriridwa theka la mita. Kuzungulira nyumba yonse zimakwana 24. Nsungwi zong'amba zipingase mkati ndi kunja, zotalikirana masentimita 15, zomangidwa ndi luzi pomwe kamera ikuona, waya pomwe siikuona. Nyumba yotere mukamata makoma onse anayi monenepa masentimita 12 imadya mawilibala a dothi ngati 50, olemera matani 5. N'chifukwa chake dothi silichokera kutali. Koma chifukwa chachikulu ndi mtundu. Katondo wofiira wa ku Thyolo mukamuika pa nthaka yakuda ya m'chigwa cha Phalombe, diso limadziwa nthawi yomweyo kuti nyumbayo yachita kubwera. Kumbani pomwepo, kuseri kwa kamera, dzenjelo mudzalikwirire pochoka. Dothi lonyowa limada kuposa louma, ndiye matani kachigamba pathabwa, kaume masiku atatu, mukajambule padzuwa musanavomereze mtundu wake.

Makande okha amang'ambika ming'alu yolowa chala. Sakanizani magawo atatu a dothi, limodzi la mchenga, ndi udzu woduladula. M'nyengo yozizira khoma lotere limafuna masabata awiri kapena atatu kuti liume mpaka mkati. Mukajambula lisanaume, mtundu wake umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo polumikiza zithunzi nyumba imodzi imatuluka mitundu iwiri.

Khoma lachinayi likhale lochotseka, chifukwa m'chipinda cha mamita 3 kamera, magetsi ndi anthu sizingakwane. Felemu ya matabwa a 50 kwa 50, pulayiwudi ya mamilimita 6, pamwamba pake chiguduli chokhomera ndi timisomali. Matope ake: ndowa 4 za dothi losefa, ndowa imodzi ya mchenga, lita imodzi ya guluu woyera wa matabwa, ndi madzi ongokwanira kuti azimatika osayenderera. Pakani ndi manja kawiri, mamilimita 5 nthawi iliyonse, loyamba litauma. Mukapitirira sentimita imodzi amasweka n'kugwa tsiku lomwe mwayamba kunyamula khomalo. Ligaweni zigawo zitatu kuti anthu awiri azitha kulinyamula, polumikizira pabisike ndi nsichi.

Mphepo musaipeputse. Khoma la mamita 3 kwa 2.4 likawombedwa ndi mphepo ya makilomita 54 pa ola limakankhidwa ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu pafupifupi 100, ndipo mwera wa mu Juni kapena kamvuluvulu wa mu Seputembala amatha kufika pamenepo. Chigawo chilichonse cha pulayiwudi chikhale ndi miyendo iwiri yopendeka kumbuyo, chikhomo chachitsulo cha theka la mita pa mwendo uliwonse, ndi thumba la mchenga pamwamba pa chikhomocho.

Padenga, mbali yosaoneka, musiye bowo lotseguka la mita imodzi kwa mita ndi theka, lokhala ndi chivundikiro chake chaudzu. Wotsogolera adzafuna chithunzi cha mayi ali m'nyumba, phiri likuoneka pakhomo. M'nyumba yaudzu muli mdima woti kamera ikaona nkhope, panja pamangoyera mbuu. Ikaona phiri, nkhope yada. Mukatsegula bowolo n'kuyalapo nsalu yoyera, kuwala kumalowa kofewa ndipo zonse ziwiri zimaoneka popanda jenereta. Khomo lilunjike nsonga ya phiri, litambalale masentimita 90 m'malo mwa 70. Pulasitiki yakuda yomwe anthu amayala pansi pa udzu musaike. Imasokosa ndi mphepo, wojambula mawu adzavutika nayo. M'malo mwake pendeketsani denga madigiri 40, udzu uchindikale.

Ndibwere ku kukalambitsa. Udzu watsopano ndi wachikasu chowala, ndipo mu Meyi sunayambe n'kumwetedwa komwe. Gwirizanani ndi mabanja omwe madenga awo atha: inu mutenge udzu wakale wotuwa, iwo muwapatse zofolerera zatsopano tsiku lomwelo. Wakalewo ukhale pamwamba, wolimbirapo pansi. M'khitchini kolezani moto wa zitsononkho ndi masamba aawisi maola angapo tsiku lililonse kwa sabata yathunthu, munthu ali pomwepo ndi ndowa za madzi. Mwaye weniweni umagwira phaso ndi udzu mosanyezimira, pamene penti yakuda imawala nyale ikaigunda. M'munsi mwa khoma, masentimita 30 mpaka 40, ndi momwe madzi odontha padenga amadumphira: wazani madzi ndi tsache mpaka dothi lidyeke pang'ono, timiyala tionekere. M'mbali mwa khomo, pamsinkhu wa dzanja, pakani makala osakaniza ndi mafuta ophikira pang'ono. Pakhonde pazireni ndi mtsiro kawiri kapena katatu, masiku osiyana, ndipo azire mayi wa m'mudzimo woizolowera ntchitoyo, mizere ya dzanja lake ionekere.

Bwalo ndilo limagwiritsa anthu ambiri bodza, chifukwa silikalamba ndi penti, limafuna miyendo. Njira yopita kumadzi, kukhola ndi kuchimbudzi musailime ndi khasu. Aliyense wogwira ntchito azidutsa momwemo kuyambira tsiku loyamba, kwina konse mutchinge ndi chingwe. Mbuzi ndi nkhuku zilowe masabata awiri kamera isanafike. Phulusa la m'khitchini lizitayidwa padzala limodzi. Omwe anamanga mudzi wa filimu ku Matamata, ku New Zealand, mu 1999 anabzala mipanda ndi madimba miyezi yambiri asanayambe kujambula, kuti zimere zokha n'kukhazikika. Inunso ngati mwasankha Meyi, lankhulani ndi mwini munda mu Novembala kapena Disembala: abzale chimanga chamakolo, nandolo ndi maungu mozungulira bwinjalo, ndipo mumulipire kuti mapesi asawagwetse mpaka mutamaliza.

NaNgozo_Zovala

Achemwali, pa mwezi ndisiyana pang'ono ndi a Phiri. Zikutengera nkhani yanu. Ngati ndi ya njala ndi kudikira, Meyi adzakupatsani dziko lokhuta, nkhokwe zodzaza, mathithi akuyenda, zotsutsana ndi zomwe osewera akunena. Lupsa lakuda, fumbi ndi masamba ofiira omwe mitengo ya m'tchire imaphuka mu Seputembala ndi Okutobala zili ndi mphamvu yakeyake. Njira ilipo. Zigawo zomwe banja likadali pamtendere mujambule mu Meyi kapena Juni, seti muisiye chiimire ndi mlonda, mudzabwerenso masiku ochepa mu Okutobala. Phiri lozilala mu utsi pa nthawi yomwe bambo asowa likugwirizana ndi nkhani, ndipo malipiro a mlonda miyezi inayi ndi ochepa poyerekeza ndi kusintha nyengo pa kompyuta. Mukatero nsichi muziwaule kumunsi musanazikwirire chifukwa cha chiswe, ndipo mulambule mpita wotchinga moto mozungulira, kunja kwa pomwe kamera imaona.

Za mitundu. Phiri lili pa makilomita 10 silioneka lobiriwira, limaoneka lotuwa mopita ku buluu chifukwa cha mpweya womwe uli pakati. Nthaka ndi udzu zili mbali yofiirira ndi yachikasu. Mitundu iwiriyi yatenga kale chithunzi chonse, ndiye zovala zisankhidwe moiganizira. Wosewera wamkulu akavala buluu wotuwa, pa lenzi ya 85 amasowera m'phiri. Akavala khaki amasowera mu udzu. Sankhani mtundu umodzi wamphamvu, monga kufiira kwa njerwa, ukhale wa mnyamata uja yekha filimu yonse, kuti ngakhale ataoneka kakang'ono pansi pa thanthwe woonera adziwe kuti ndi iye. Ena onse avale zozilala.

Choyera chenicheni padzuwa lathu chimapsa pa kamera, ulusi wake osaoneka. Malaya oyera muwanyike m'tiyi: masamba odzaza manja awiri m'malita 10 a madzi otentha, mphindi 20, kenako mutsukuluze ndi madzi ozizira. Yesani kansalu kaye, poti thonje limagwira mtundu koma poliyesitala sagwira. Nsalu za timizere tothithikana zimanjenjemera pa kamera, zisiyeni. Chovala chilichonse cha wosewera wamkulu chikhale ndi chinzake chofanana, ndipo zikalambitsidwe limodzi: kuchapa kangapo, kuyanika padzuwa sabata yathunthu, kukhula m'kolala ndi m'mawondo ndi mwala wa kumtsinje, pomaliza dothi la pa seti lomwelo.

Chaka cha 1975 chili ndi malamulo ake. Kuyambira 1973 lamulo la kavalidwe linkaletsa amayi mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo amuna sankaloledwa tsitsi lalitali, choncho ngakhale ongodutsa kumbuyo muwayang'ane. Ndalama zikaoneka zikhale makwacha ndi matambala a nthawi imeneyo. Kwacha inayamba mu 1971. Zigubu zachikasu, mabeseni apulasitiki ndi majumbo zichoke. Mubweretse mitsuko, ndowa zachitsulo, zikho, malichero, nyale ya koloboyi, ndi wailesi ya Nzeru ngati banjalo linali ndi kanthu. Ziwiya zotere musagule zatsopano mumsika wa Limbe n'kumavutika kuzidetsa. Gulani zatsopanozo mukasinthanitse ndi zakale m'mudzi momwemo. Mtondo wosinjiramo zaka khumi umasalala mkamwa mwa njira yomwe sandipepa sangatsanzire.

Phirilo nalonso muliyang'ane ndi maso a 1975. Pali mipita yomwe napolo anasiya nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, pali nsanja za mafoni, mawaya a ESCOM ndi malata onyezimira m'midzi yapakati. Nsanja imodzi imabisika ndi nkhokwe mukaiika pamzere woyenera, n'chifukwa chake nkhokwe ndi khola zimangidwe pomaliza, kamera itaima kale pamalo pake. Malata a anansi amaphimbika ndi mphasa zakale, mutapempha.

NaMbewe_Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, za nsungwi ndi za bwinja ndazipereka kale kwa wotsogolera. Chatsala ndi cha pamwamba. Iwo akuumirira kuti tonse 20 tikwere ndi zomangira, tikamange msasa wa ocheka matabwa ku Chambe komweko. N'zotheka? Nanga zilolezo timakatenga kwa yani, poti tikufunanso kuulutsa droni?

aGama_Mapiri

Mayi, n'zotheka koma ndi kutaya ndalama. Wonyamula katundu mmodzi muzimuwerengera makilogalamu 18, osapitirira, ndipo kuchokera ku Likhubula kufika kunyumba ya alendo ya ku Chambe ndi maola atatu kapena anayi okwera, kaya mudzera njira ya Skyline kapena ya Chapaluka. Pulayiwudi imodzi ya mamilimita 6 imalemera makilogalamu 11 okha, koma yathunthu, ya mamita 2.44 kwa 1.22, imakodwa m'mitengo, ndipo pamalo otsetsereka mphepo ikhoza kumukankhira munthu kuphompho. Onjezani chakudya cha anthu 20, mabatire ndi zofunda: onyamula adzachuluka kuposa ojambula, pamene nyumba za pamwambapo n'zazing'ono, zogonamonso alendo ena.

Gawani ntchitoyo pawiri. Zithunzi zazikulu, zoonetsa mnyamata ali yekha pakati pa miyala ndi udzu wa pamwamba, akajambule anthu asanu ndi mmodzi: wotsogolera, wa kamera, womuthandiza, wa mawu, wosewera ndi woperekeza wodziwa phiri. Kumeneko kulibe chomanga. Katundu wa seti ndi nkhwangwa, kamphika kakuda, bulangeti ndi matabwa awiri atatu a paini omwe mwakwera nawo n'kudzatsika nawo. Msasa wa ocheka, pochekera ndi zokambirana za usiku mukajambulire pa phiri la Zomba, pomwe galimoto imakwera pa tala mpaka pamwamba ndipo paini alipo. Izi zikugwirizananso ndi mbiri. M'zaka zimenezo chigwa cha Chambe chinali ndi paini wobzalidwa, matabwa ankatsika pachingwe cha m'mwamba kupita ku Likhubula, ndipo painiyo anadzamudula pambuyo pake pofuna kubwezeretsa zomera zachilengedwe. Ku Zomba kamera iziyang'ana m'mitengo ndi pansi, isaonetse mapiri akutali, apo ayi aliyense wa kuno adzazindikira. Cholumikiza malo awiriwa ndi malaya ofiira aja, bulangeti lomwelo ndi nkhungu, yomwe konsekonse imapezeka m'mawa mu Juni.

Pamtunda wa mamita 2,000 kumazizira madigiri 7 kapena 8 kuposa m'tsinde, ndipo usiku wa Juni ndi Julayi chisanu chimayeretsa udzu. Mabatire amatha msanga, agone m'zofunda. Kamera yozizira mukailowetsa m'nyumba yamoto imachita nthunzi m'malenzi. Isiyeni m'chikwama chotseka theka la ola. Wosewera wovala kabudula ndi malaya amodzi akhale ndi munthu womugwirira jekete pafupi. Nkhungu ikatsika aliyense amvere woperekeza. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, wa mamita 3,002, alendo anatayapo miyoyo, ndipo nkhani yanu sikumufuna. Musamuike pa ndondomeko.

Zilolezo. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ili m'manja mwa Dipatimenti ya Zankhalango. Yambirani ku ofesi yawo ku Likhubula ndi kalata yonena masiku, chiwerengero cha anthu, malo enieni ndi chilichonse chomwe mudzakwere nacho. Lankhulaninso ndi a bungwe loteteza zachilengedwe za phirili la Mulanje Mountain Conservation Trust. Mu 2025 UNESCO inaika phirili pamndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lonse chifukwa cha miyambo ya anthu olizungulira, ndiye malo ngati Dziwe la Nkhalamba musakaikepo ziwiya za filimu musanamve kwa akuluakulu a m'deralo. Droni imafuna chilolezo cha oyang'anira zandege, ndipo musakaiyesere cha kubwalo la ndege la Chileka. Mkungudza wa ku Mulanje watsala pang'ono kutha: musaudule, musagule thabwa lake ngakhale wina atakutsatsani, paini wopakidwa vanishi yofiirira amakwana pa kamera. Udzu wofolerera wa kumunsi usakwere phiri, umanyamula njere za zomera zachilendo. Moto wa m'filimu ukolezedwe m'theka la mgolo lokwiriridwa mpaka mkamwa, wa zankhalango alipo.

Kumudzi yambirani kwa nyakwawa, iwo akutengereni kwa a gulupu. Ndi mwini bwinja mulemberane pamaso pa mfumu: malipiro, masiku, ndi zomwe zidzatsale mukachoka.

Mmisiri_Ndirande

Ndiwonjezere pa za a Gama za pochekera matabwa. Musakumbe dzenje m'nkhalango ya eni, mangani thandala pamalo otsetsereka: mphanda zinayi zonenepa masentimita 12, zokwiriridwa masentimita 60, zokwera mamita 2 mbali ya kumunsi, ndi mitengo iwiri yopingasa kuti lisagwedere sowo ikamakoka. Chipika cha paini wouma cha masentimita 30 kunenepa ndi mamita 3 m'litali chimalemera makilogalamu oposa 100, ndiye chigudubuzidwe kuchokera kumtunda, chisanyamulidwe, ndipo chitsekeredwe ndi zidutswa za mitengo mbali zonse. Mizere yochekera amailemba pomenya chingwe chonyika m'makala osungunula m'madzi. Utuchi mukatenge kumacheka a ku Zomba, matumba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu: wakale wotuwa pansi, watsopano woyera pang'ono pamwamba, pansi penipeni pa sowo, ndipo wonse mudzausese pochoka. Pamwamba pa chipika paime wocheka weniweni wa kumeneko atavala zovala za filimu. Wosewera wanu akhale wa pansi, mphepo izichokera kumsana kwake kuti utuchi usamulowe m'maso.